Chingwe Chimene Ndinamanga pa Boti la a Nkhoma

Amene anayamba kundiuza anali Mayi Jere a ku Salford, anzanga a m'kwaya ya amayi. Anandiimbira foni Lachiwiri masana, ndikuvala jekete kuti ndikatenge ana kusukulu. Anati ndikhale pansi kaye, ndipo nditakhala anandiuza kuti a Nkhoma atisiya ku chipatala cha ku Wakefield. Poganiza kuti mwina sindikuwakumbuka, anawonjezera kuti, "Aja anamiza boti ndi mowa ku Hull aja."

Mayi Jere sanalankhule mwa chipongwe, Mulungu awadalitse. Ndi mmene tonse takhala tikuwatchulira a Nkhoma zaka zonsezi. Koma ine mawu amenewo anandipatsa mseru, ndipo mseruwo sunali wa munthu wina ayi, unali wanga ndemwe. Ine sukulu ndinalekezera sitandade seveni, kulemba si ntchito yanga, choncho mundikhululukire pamene ndakhotetsa. Koma nkhani iyi ndiyenera kuilemba.

Ndikukumbukira kuti ndinali ndi zaka khumi ndi zisanu ndi chimodzi. Zinali m'zaka zija za m'ma 2000, pamene anamwino ankachoka kwathu m'magulumagulu kudzagwira ntchito kuno kudziko la azungu. Azakhali anga, a Nambewe, anali mmodzi wa iwo. Mayi anga atamwalira ku Ntcheu, azakhali ananditenga ngati mwana wawo, ndipo atakhazikika ku Hull anandiitanitsa. Chizungu ndinalibe. Ntchito yanga inali kusamala nyumba ndi ana awo awiri iwo akakhala pa shifiti. Ndipo nyumba ndinkaisamaladi. Ndinali mtsikana wonyadira ukhondo, wokolopa pokolopa kale. Munthu ndinkamuyeza ndi mphuno: akamanunkhira sopo ndiye kuti ndi munthu, akamamveka thukuta ndiye kuti mutu wake sukoka.

A Nkhoma anabwera kuno kale ife tisanafike, kudzaphunzira ku yunivesite. Atamaliza anapeza ntchito yabwino mu ofesi ina ya kudoko. Zinthu zili bwino anagula boti lakale la matanga, lokhala ndi kachipinda kogona mkati, nalitcha Tadala, dzina la mwana wawo wamkazi. Akuti Loweruka ankatenga banja lawo kukayenda nalo pamadzi. Kenako mowa unalowa. Ntchito inatha, nyumba inapita, mayi a Tadala anatenga ana nasamukira ku Wakefield. Kutchalitchi anthu ankati a Nkhoma akusungidwa ndi mnzawo wina. Azakhali okha ndi amene ankadziwa kuti bamboyo akugona m'boti, ndipo kuti botilo ndi denga lokhalo limene linawatsalira pansi pano.

Tsiku lina m'nyengo imene masamba amayoyoka, pa wailesi ya kanema anayamba kuchenjeza za namondwe. Ankati wasakaza kutsidya kwa nyanja yaikulu, ndipo mchira wake ukubwera kuno, ufika mawa lake. Azakhali anafika kuchokera ku shifiti ya usiku maso ali psuu, koma sanagone. Anasiya ana kwa aneba, nandiuza kuti nditenge ndowa ziwiri, magolovesi, matumba a zinyalala ndi sopo. Ndinafunsa kuti tikupita kuti. Anati, "Kwa bambo a Tadala. Okha sangathe, ndipo boti likapita agona mumsewu."

Tinakwera basi mpaka kumapeto kwake, n'kuyenda wapansi kudutsa kuseri kwa mafakitale. Mtsinje wake si monga ya kwathu. Madzi ake ndi a bulauni ngati tiyi wothira mkaka pang'ono, ndipo m'mbali mwake ndi matope okhaokha, onyezimira, onunkha mazira owola. Maboti ang'onoang'ono anamangidwa m'mbali mwa kamlatho ka matabwa. La a Nkhoma linali kumapeto, utoto utasupuka, dzina la Tadala likuoneka mwa apo ndi apo.

Iwo anatulukira pa kachitseko, ndevu zili nyankhalala, juzi yoti sindikudziwa kuti poyamba inali ya mtundu wanji. Anawapatsa moni azakhali mwaulemu wonse, manja awiri. Ine ananditambasulira dzanja n'kuti, "Mwanawe, wakula bwanji." Zikhadabo zawo zinali zakuda bii. Ndinagwada pang'ono n'kuwomba m'manja, osati chifukwa cha ulemu, koma kuti ndisagwire dzanjalo.

Za mkatimo sindifuna kukuonongerani chakudya, komabe ndinene, kuti mumvetse mtima umene ndinali nawo. Fungo linandimenya pakhosi ndisanatsike masitepe. Dizilo, chinyontho, mowa wosasa ndi mkodzo, zonse pamodzi. Chimbudzi cha m'botimo chinali chitatsekeka kalekale, ndiye ankagwiritsa ntchito ndowa yokhala ndi chivindikiro chosakwana. Pansi pa bedi panali mabotolo a pulasitiki odzaza madzi achikasu, ndipo sindinafunse kuti ndi chiyani. M'kapoto munali nyemba za m'chitini zitamera ubweya wobiriwira. Nditanyamula thumba lina pakona linang'ambika pansi, mphutsi n'kukhuthukira pa nsapato zanga zopitira kutchalitchi. Ndinathamangira kunja n'kukasanzira mumtsinje.

Azakhali sananditonthoze. Anangoti, "Wamaliza? Tsuka mkamwa, vala magolovesi." Iwo anatenga ndowa ija ndi manja awo, nkhope osakwinya n'komwe, ngati anyamula madzi akumwa. Ine mumtima ndinkati, munthu wophunzira mpaka yunivesite, wodziwa Chizungu choposa cha azungu, n'kumagona ngati nkhumba? Ndinatsimikiza pomwepo kuti m'kamwa mwa munthu wotere simungatuluke chanzeru.

Chodabwitsa n'chakuti ntchito ya kunja itayamba, a Nkhoma anasanduka munthu wina. Tsiku limenelo sanalawe mowa, n'chifukwa chake manja ankanjenjemera, koma mawu awo anali okhazikika. Anati chilichonse chimene mphepo ingagwire chichoke. Tinatsitsa matanga onse awiri, kuwapinda n'kuwalowetsa mkati. Tinachotsa chinsalu chotchinga pokhalira, makusheni, kanjinga kawo, ngakhale chingwe choyanikapo zovala. Tizingwe ta pa mlongoti anatikokera kutali n'kutimanga kuti tisamamenye chitsulo. Kenako anagwada m'chinyontho chija n'kutseka timipopi ta pansi pa boti, kamodzikamodzi, akutchula mokweza kuti asaiwale: ka chimbudzi, ka sinki, ka injini. Ine anandipatsa mpini wa pampu kuti ndipope madzi a pansi pa matabwa. Ankatuluka akuda, a mafuta, onunkha kuposa matope aja, ndipo ena anandithovukira kumaso.

Ine zonsezi ndinkaziona ngati zosemphana ndi nzeru. Kwathu ku Ntcheu mphepo ikamabwera timafunditsa, sitivula. Chimanga timachiphimba ndi lona, padenga timasanjikapo miyala, chitseko timachichirikiza ndi mtengo. Ndinawauza azakhali, osati a Nkhoma, kuti bwanji tifunditse boti lonse ndi lona linali pamlathopo. A Nkhoma anamva, naseka pang'ono. Anati lona pamphepo yotere limasanduka thanga, lingalinyamule boti kapena kulisiya litang'amba zonse. Kuseka kwawoko kunandipweteka. Kusekedwa ndi munthu wonunkha!

Ndiye tinafika pa zingwe. Anatulutsa zingwe zazitali, zokhuthala ngati dzanja la mwana, napachika matayala akale m'mbali mwa boti kuti lisamakhulike kumatabwa. Pamene chingwe chimakhudza chitsulo ankachiveka kachidutswa ka payipi yothirira maluwa kuti chisaperepeseke. Chilichonse anachiphatikiza ndi chinzake, kuti china chikaduka china chigwire. Koma mamangidwe ake ndi amene anandidabwitsa. Chingwe cha kutsogolo anakachimanga kutali chakumbuyo, cha kumbuyo anakachimanga kutali chakutsogolo, ndipo zonse anazisiya zolendewera, zili lobodolobodo. Boti linkasuntha, kuchoka pamlatho n'kubwerera, ngati ng'ombe yomangidwa ndi mwana.

Anandiitana kuti ndione. Anawerama pafupi nane n'kuyamba kufotokoza, akuloza mizere yakuda pa nsanamira za mlathowo. Ndikudziwa tsopano zimene ankanena: kuti madzi a mtsinje umenewu amakwera ndi kutsika kawiri pa tsiku motsatira nyanja, kuti namondwe akamawakankha amakwera kuposa masiku onse, ndipo boti liyenera kukwera nawo momasuka. Koma tsikulo sindinamve. Mpweya wa m'kamwa mwawo unkandifika, ndipo ine ndinali nditatseka mphuno, ndikuwerenga mumtima kuti amaliza liti. Mawu amene ndinatola ndi omaliza okha. Anati, "Boti si mbuzi, mwanawe. Ukalimanga pafupi walipha." Ndinayankha kuti, "Chabwino, ankolo," ndikuganiza kuti ndi zonena za munthu amene mowa unamudya ubongo.

Titamaliza, azakhali anatulutsa fulasiki ya tiyi ndi buledi. Kapu inali imodzi. Anamwa a Nkhoma, kenako azakhali anamwera momwemo osatsuka. Itafika kwa ine ndinati ndilibe ludzu. Azakhali anandiyang'ana nthawi yaitali. Kenako anawauza a Nkhoma kuti lero akagona kwathu, pabalaza. Iwo anakana kawiri, akuti woyendetsa sasiya boti lake. Azakhali anati, "Achimwene, ine ndatopa ndi kutseka anthu maso kuntchito. Tiyeni." Anamvera.

Tinali titafika kale pa geti pamene azakhali anakumbukira fulasiki, nandituma kuti ndikaitenge. Ndinabwerera ndekha. Mphepo inali itayamba, mitambo ikuthamanga chapansipansi. Madzi anali atakwera moti boti linali mulingo umodzi ndi matabwa a mlatho, ndipo linkapita uku ndi uku pa zingwe zake zolendewera zija. Ndinaima n'kumaliyang'ana. Ndinaganiza za ntchito yonse imene tagwira, za mphutsi pa nsapato zanga, ndi kuti zonsezo zipita pachabe chifukwa chidakwa chalephera kukoka chingwe. Ndinaganizanso, Mulungu andikhululukire, kuti boti likapita munthuyu adzakhala pabalaza pathu mpaka kalekale.

Pamlathopo panali kachingwe kabuluu. Ndinakakoleka pa chitsulo cha pakati pa boti, n'kukokera boti pafupi ndi mphamvu zanga zonse, n'kukazunguliza pa mphete ya pamatabwa. Ndinamanga mfundo imene agogo anga aamuna anandiphunzitsa yomangira mbuzi yolusa, yoti ikamakoka ndi pamene imalimba. Boti linaima nji, osasunthanso. Ndinatola fulasiki ndikudzitama mumtima kuti ndapulumutsa nyumba ya munthu, ndipo sindinauze aliyense, poti ntchito yabwino sailengeza.

Namondwe anafikadi. Mabini a zinyalala anagubuduzika mumsewu, matailosi anagwa kuchokera padenga la aneba, mtengo wa pakona unazuka. Kutacha, mphepo itachepa, tinapita atatu kumtsinje. A Nkhoma anali atasamba kwathu, atavala malaya a malemu amuna awo a azakhali, ndipo m'basi ankacheza. Ankati mkati mwayera tsopano, chilimwe chikafika adzalipaka utoto, adzapempha mayi a Tadala kuti ana abwere adzakwere ngakhale tsiku limodzi.

Maboti ena onse anali pamalo pake, akuyandama pa zingwe zawo zazitali. La a Nkhoma lokha linali litagona cham'mbali m'matope, mlongoti utatsamira pamlatho. Usikuwo madzi anali atakwera mpaka kumiza matabwa a mlathowo. Boti linafuna kukwera nawo, koma kachingwe kanga kanaligwira mbali imodzi, likupendekeka, madzi n'kumalowa, mpaka chitsulo chija chinazuka pamodzi ndi chibenthu cha boti lenilenilo. Pa bowo limenelo mtsinje unalowa wonse. Mkati mmene tinakolopa munali matope ofika m'chiuno, osakanikirana ndi dizilo ndi zonse za m'chimbudzi chotsekeka chija. Mabuku awo, masetifiketi awo ndi zithunzi za ana zinali kuyandama mmenemo.

Mzungu wina wachikulire, mwini boti loyandikana nalo, anali ataima pamenepo atagwira kachingwe kabuluu, chitsulo chikulendewera kumapeto. Ankakalipa, ndipo ngakhale ndinalibe Chizungu ndinamva kuti akufunsa chitsiru chimene chamanga ichi. A Nkhoma anagwada n'kuyang'ana mfundo ija pa mphete. Anaigwiragwira ndi zala zawo. Mzungu samanga mfundo yotero, ndipo azakhali anakulira m'tauni, mbuzi sanawetepo. Anadzutsa mutu n'kundiyang'ana kamodzi kokha. Kenako anamuyankha mzunguyo m'Chizungu, natembenukira kwa azakhali n'kubwereza m'Chichewa: "Ndine, achemwali. Ndinamanga poyamba kuti tizikwera bwino, ndiye ndinaiwala kumasula."

Mzungu uja anapukusa mutu n'kuchita chizindikiro cha botolo pakamwa. Azakhali anausa moyo. Palibe amene anakayika, pakuti ndani amakayika chidakwa chikavomera kulakwa? Ine ndinaima pomwepo, nsapato zanga zoyera, pakamwa panga pali tseke.

Botilo silinakonzekenso. Analikoka ndi makina n'kukaliphwanya. A Nkhoma anakhala pabalaza pathu miyezi itatu, chinthu chomwe chija ndinkachiopa, ndipo ndinachibweretsa ndi manja anga. Nkhani inafika kutchalitchi, chinsinsi chawo chogona m'boti chinaululika, ndipo amuna ovala masuti ankaseka pa tiyi wa pambuyo pa mapemphero. Wina ankati kaputeni wamira pamtunda. Wina ankati boti linaledzera ndi fungo la mwini wake. Ine ndinkawathirira tiyi anthu amenewo. Ndinkanyansidwa ndi mano awo poseka, koma pobwerera kunyumba ndinkadziwa kuti wonyansa kuposa onse ndi amene wanyamula ketulo. Ndinkasamba kawiri pa tsiku, koma fungo la matope aja silinkachoka m'mphuno mwanga.

Tsiku lina masana azakhali ali kuntchito, ndinawapeza a Nkhoma akuyanika zithunzi za ana pa hita, chimodzichimodzi, nkhope zitafufutika. Ndinagwada pakhomo la pabalaza n'kuti, "Ankolo, chingwe chija..." Sanandilole kumaliza. Anati, "Ndikudziwa, mwanawe. Unkafuna kuthandiza. Ine dzina langa linaonongeka kale, chibenthu chimodzi sichisintha kanthu. Iwe lako ukadali nalo, ndipo uli m'nyumba ya eni. Usawauze azakhali ako." Atatero anandipempha kuti ndiwapatsire kapu ya madzi. Anamwa theka n'kundipatsa yotsalayo, ndipo ndinamwa. Ndi chilango chokhacho chimene anandipatsa, ngati chinali chilango.

Ndinamvera mawu awo oti ndisanene, ndipo ndivomere kuti ndinawamvera chifukwa anandikomera. Pamene ankandiphunzitsa za zingwe ndinatseka makutu, koma pamene anati ndibise tchimo langa ndinamva msanga. Azakhali anapita kumanda osadziwa. A Nkhoma pambuyo pake anasamukira ku Wakefield, anapeza ntchito yonyamula katundu m'nyumba yosungiramo katundu, ndipo mowa anausiya, kuugweranso, n'kuusiyanso mpaka unatheratu. Banja silinabwererane kwenikweni, koma ankadya ndi ana awo Lamlungu lililonse. Pa ukwati wanga anabwera atavala suti yobwereka, navina pa perekaniperekani kuposa wina aliyense. Pamadzi sanabwererenso, ndipo Tadala sanakwerenso boti la dzina lake.

Akuluakulu anati wamisala anaona nkhondo. Ine mwambi umenewu ndinkaudziwa kuyambira ndili wamng'ono, koma sunandithandize, chifukwa palibe anandiuza kuti wamisalayo amanunkha, ndipo kuti umve zimene akunena uyenera kuima pafupi n'kupuma mpweya wake. Lero ndimagwira ntchito yosamalira okalamba. Ndimasintha matewera a anthu akuluakulu, ndimapukuta masanzi, ndipo mseru umabwerabe, sindinama. Koma nkhalamba ikayamba kulankhula ndimawerama pafupi, ndimatsegula mphuno ndi makutu omwe. Ana anga atatu ndimawalera ndi mawu a munthu amene ndinakana kumugwira dzanja. Mtima ukafuna kuwamanga pafupi chifukwa cha mantha a dziko lachilendoli, ndimakumbuka kachingwe kabuluu.

Ndisanalembe izi ndinawaimbira foni mayi a Tadala n'kuwauza zonse. Anamvetsera mpaka ndinamaliza. Kenako anati, "Ndiye tsiku lija sanamwe?" Ndinati sanamwe ngakhale dontho, anagwira ntchito tsiku lonse, ndipo zingwe zawo zonse zinagwira. Anati iwo chilimwe chimenecho anakaniza ana kukaona bambo awo chifukwa cha nkhani ya botiyo. Sanandikalipire. Anangoti ndiuze Tadala ndekha, ndi pakamwa panga, ndipo ndidzatero tikaika maliro.

Ndikuthokoza Mulungu amene anandipatsa azakhali osanyansidwa ndi munthu, ndiponso amene anandibisa kuseri kwa munthu amene ine ndinkamuona ngati nkhumba. Sindinayenere chifundo chimenecho. Inu a ku Hull, a ku Salford ndi kwina konse amene munaseka nawo, sindikukuweruzani, poti tiyi wake ndinkathira ndine. Ndikungopempha kuti dzina lija lithere pano. A Nkhoma sanamize boti. Analimanga bwino, monga munthu wodziwa ntchito yake, ndipo amene analimiza ndine, Yasinta, mwana wa a Nambewe.

Mukamagwada m'nyumba zanu, kumbukirani mayi a Tadala. Kumbukirani Tadala ndi mlongo wake Yamikani, amene anakula akumva anthu akuseka bambo awo pa mlandu umene sanapalamule. Muwatchule maina pamaso pa Ambuye, ndipo mukakumana nawo ku Wakefield muwagwire dzanja.